Mchenga mu oyilo: lipoti la Sienta yomwe inagona masiku 12 pagalaja pathu

Galimoto ndi nkhani ya mwini wake

Toyota Sienta imeneyi inalowa pagalaja pathu ku Biwi mu Okutobala, nthawi imene Lilongwe amakhala fumbi lokhalokha, akamvuluvulu akungozungulira pakati pa magalimoto. Inali yakale ija ya nyali zozungulira kutsogolo, injini yake 1NZ-FE: masilinda anayi, 1,497 cc, yoyendera tcheni, yokhala ndi VVT-i, njira yosinthira nthawi yotsegukira mavalavu pogwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo. Injini imeneyi tinaizolowera. Ili mu Probox zambiri, mu Corolla, mu Ractis, ndipo ukamaipatsa oyilo wabwino pa nthawi yake siifa wamba.

Mwini wake ndi bambo wachikulire amene anapuma pantchito chaka chatha. Ndalama za penshoni anaziponya pa galimotoyi kuti izinyamula anthu pakati pa Area 25 ndi m'tauni, woyendetsa n'kukhala mwana wa mlongo wawo. Sanaitanitse ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi Songwe monga achitira ena. Anagula kwa munthu wa konkuno, itaponda kale misewu yathu. Chomwe chinawakopa, malinga ndi iwo eni, chinali injini. Atatsegula boneti anapeza ili mbee, yopanda ndi dontho lomwe la oyilo, ndipo atasuzumira ndi tochi ya foni pothirira oyilo, m'katimo munali mowala. Wogulitsa anati yangochokera ku sevisi yaikulu. Chikomekome cha nkuyu.

Patatha milungu itatu nyali ya oyilo inayamba kuphethira injini ikatentha, makamaka akaima pa mdipiti wa magalimoto pamlatho wa Lilongwe. Akaponda moto pang'ono imazima. M'mawa poliza injini kunkamveka phokoso la kwetekwete kwa kanthawi. Anapita nayo kwina kumene anathira mankhwala otsukira m'kati mwa injini, n'kusintha oyilo ndi fyuluta. Inakhala bwino masiku anayi. Kenako nyali ija inabweranso, ulendo uno pamodzi ndi kugogoda kochokera pansi. Kumeneko n'komwe wina anafikisa oyilo m'zala n'kunena kuti muli mchenga.

"Amisiri, ine ndikudziwa chomwe chachitika," anatero bambowo asanakhale n'komwe pansi. "Anthu a pasiteji paja sanakondwe kuti mwanayu walowa pamzere. Wina anathira mchenga."

"Koma amalume, boneti imatsegukira m'kati, ndipo makiyi sindisiyira munthu."

"Iwe khala chete."

Nkhani zoterezi sinditsutsana nazo pakamwa. Nsanje ilipo, ndipo anthu othira zinthu m'injini za anzawo alipo. Ndinangowapempha kuti galimoto asayilizenso, tiikankhire mushedi, injini itiuze yokha.

Kodi ndi mchengadi?

Si chilichonse chokhakhala m'zala chomwe chili mchenga. Mwaye wouma wa oyilo wakale umakhakhala, tizidutswa ta zitsulo timakhakhala, silikoni wouma nayenso amasokoneza. Tinakhetsa oyilo akadali wofunda kudzera pa nsalu yoyera, zotsalira pansaluyo n'kuzitsukuluza ndi petulo m'botolo lagalasi. Zitadikha, pansi panakhala matope otuwa. Maginito anakoka gawo lina, ndiko kuti chitsulo chodyeka. Munalinso tonyezimira tosakokedwa ndi maginito, tomwe ndi aluminiyamu ndi zotuluka m'mabering'i, timbale tofewa tomwe zitsulo zozungulira za m'injini zimatsamirapo. Zotsalazo ndinaziika pakati pa magalasi awiri a windo n'kufikisa. Zinalira tsekwetsekwe, ndipo nditapukuta, galasi linali ndi mikwingwirima yopyapyala.

Mayeso amenewa ndi otchipa koma sanama. Mchenga wambiri ndi mwala wotchedwa quartz, umene pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala uli pa 7. Galasi wamba lili cha pa 5.5. Aluminiyamu safika n'komwe pa 3. Chinthu chokanda galasi ndiye kuti chikadya pafupifupi chilichonse chomwe chimayenda m'injini. Mwaye sungachite zimenezo, umangophwanyika.

Fyuluta ya oyilo tinaidula ndi chodulira mapaipi, osati ndi sowo ya zitsulo, chifukwa sowo imagwetsamo utuchi wake womwe n'kukusokoneza. Titatambasula pepala la m'katimo padzuwa, m'mapindiro monse munali mchenga ndi tonyezimira. Fyuluta imeneyi inali itagwira ntchito masiku osakwana khumi.

Apa bambo aja anandifunsa funso lomwe pafupifupi aliyense amafunsa: ngati fyuluta ilipo, mchenga ukufika bwanji ku mabering'i? Choyamba, oyilo akachoka mu sampu, beseni lake la pansi pa injini, amadutsa kaye pa sefa ya mawaya, yomwe maso ake ndi aakulu, kenako mu pampu, ndiye n'kufika ku fyuluta. Pampu imatafuna mchengawo fyuluta isanauone. Chachiwiri, fyuluta wamba imagwira bwino tinthu toyambira cha pa 0.02 kapena 0.03 ya milimita kupita m'mwamba, pamene mpata wa pakati pa kiranki (chitsulo chachikulu chozunguzidwa ndi mapisitoni) ndi bering'i m'injini ngati iyi ulinso m'dera lomwelo, wochepa kuposa tsitsi la munthu. Mchenga wophwanyidwa ndi pampu umasanduka ufa wotha kudutsa pepala koma wokwanira kukanda. Chachitatu, fyuluta ili ndi kavalavu kolambalalitsa. Oyilo akakhala wozizira ndi wolimba, kapena pepala likatsekeka, kavalavuko kamatseguka kuti injini isaume, ndipo oyilo amapita wosasefedwa. Fyuluta yodzaza mchenga ndiye kuti khomo limenelo lili pululu.

Khomo lomwe unalowera

Ili ndiye funso lomwe ndinataya nalo nthawi yambiri, ndipo sindikudandaula. Ukapanda kulipeza khomo, ukonza injini, mwezi wamawa ibwera itadyekanso.

Mchenga uli ndi njira zitatu zodziwika. Ukhoza kulowa ndi mpweya, ukhoza kuthiridwa kapena kugwera pothirira oyilo, kapena ukhoza kutsala m'kati injini itatsegulidwa ndi kutsekedwanso. Njira iliyonse imasiya mapazi ake.

Kuno kwathu njira ya mpweya ndiyo timayamba kuikayikira. Injini ya petulo imafuna mpweya wolemera pafupifupi ka 14.7 kuposa petulo amene ikuwotcha, ndiye pa lita imodzi ya petulo imameza mpweya wokwana malita cha m'ma 9,000. Taganizani galimoto yomwe tsiku lonse ikutsatana ndi minibasi m'misewu yafumbi ya m'makomboni, eya kilina yake, sefa ya mpweya, ili yong'ambika, kapena ili ya mtundu wina yongopanikizidwa mubokosimo. Ena amaipopera ndi kompuresa mwamphamvu mpaka pepala kuboka timabowo tosaoneka. Fumbi lolowa motero limayamba kudya kumwamba: ring'i yoyamba ya pisitoni, kumtunda kwa silinda, mavalavu olowetsa mpweya. Injini yotero imataya kompureshoni (mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda), imadya oyilo, imatulutsa utsi wabuluu, ndipo kugogoda kwa pansi kumabwera mochedwa.

Pa Sienta iyi eya kilina inali yakuda koma yathunthu, labala yake itakhala bwino. Ndinamasula paipi yochokera kubokosi kupita ku injini n'kupisamo chala chokulunga nsalu yoyera. Panatuluka kamafuta pang'ono, kopanda kukhakhala. Kompureshoni inali yabwino m'masilinda onse anayi, osasiyana kupitirira bar imodzi (bar ndi muyezo wa mphamvu yopanikiza). Utsi panalibe. Koma geji yoyezera mphamvu ya oyilo titaimanga pamalo pa switchi ya nyali ya oyilo, injini itatentha ikungolira osapondedwa moto, singano inkagwa pansi pa 0.3 bar yomwe buku la injiniyi limafuna. Kumwamba kunali moyo, pansi kukufa. Mchengawu sunabwere ndi mpweya.

Zinatsala njira ziwiri, ndipo imodzi mwa izo inali ya bambo aja.

Titachotsa topu kava, chivundikiro cha pamwamba pa injini, ndinayang'ana kaye pansi penipeni pa pothirira oyilo. Munthu wothira mchenga mwachiwembu amathira chikhatho kapena kapu, mothamanga, ndipo wambiri umaunjikana pomwepo pamwamba pa hedi (mutu wa injini), m'timaenje ndi m'mitu ya mabawuti, wina n'kukagona mu sampu uli wonse wosaphwanyika. Pamenepo panalibe mulu uliwonse. Hedi inali ndi zigamba za oyilo wakale wouma m'makona, koma pakati, pomwe diso limafika ukasuzumira, panali popalidwa.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ndiye anaona kaye. Anatembenuza kava ija, n'kuiyang'anitsitsa padzuwa.

"Madala, taonani apa. Izi zikukhala ngati mmene amayi amakwechera mapoto kumudzi."

Analondola. M'kati mwa kava monse munali mikwingwirima yozungulira ya dzanja la munthu. Kava ya injini imeneyi ili ndi chitsulo chopyapyala chokhomeredwa kunsi kwake, chotchinga oyilo kuti asakokedwe ndi mpweya wotuluka. Kuseri kwa chitsulocho dzanja silifika, burashi siifika. Nditabowola zokhomera zake n'kuchikanganula, tinapeza phala la mchenga wosakanikirana ndi oyilo wakale, lokwana masupuni angapo, mbali ina litakokoloka kale. Kasampu kachitsulo ka pansi nakonso kanali ndi mikwingwirima yomweyo.

Mmene ndikuonera ine, injiniyi inali ndi matope a oyilo chifukwa chosasinthidwa pa nthawi yake. Wina pofuna kuti ioneke bwino pogulitsa anamasula kava ndi sampu, n'kupatsa anyamata kuti atsuke. Matope a oyilo sachoka msanga ndi petulo, ndiye anatapa mchenga ndi sopo n'kukwecha. Anatsukuluza pooneka, zinawala, anamanga. Mchenga wobisala kuseri kwa chitsulo chija unkasungunuka pang'onopang'ono ndi oyilo wotentha. Mankhwala otsukira aja ndiye anamaliza ntchito: anafewetsa phala lonse n'kuligwetsera m'njira ya oyilo nthawi imodzi. Amene anathira mankhwalawo sindikuwaimba mlandu waukulu, sankadziwa chomwe chinali kuseriko. Koma n'chifukwa chake ine sindithira mankhwala otsukira oterewa m'injini yomwe mbiri yake sindikuidziwa.

Bambo aja anayang'ana phalalo nthawi yaitali. Mwana wa mlongo wawo sanayankhule kanthu, anangopita kukakhala pa tayala panja.

Njira zitatu, thumba limodzi

Ndinawauza mosabisa. Kusintha oyilo kangapo n'kumayembekezera mwayi ndi kutaya ndalama, chifukwa mchenga umamira mu chitsulo chofewa cha mabering'i n'kumakanda kiranki ulendo uliwonse ikazungulira, ndipo wina umakhala m'makona a njira za oyilo momwe madzi kapena mankhwala sangauchotse. Kugula injini ina yakale yochokera kunja n'kofulumira, koma kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zoitanitsa kunja siikhala malo amodzi, komanso umagula chinthu chomwe m'kati mwake sunaonemo. Iwo anali atapsa kale ndi zimenezo. Njira yachitatu inali kutsitsa injini, kuiphwasula yonse, kuyeza, kutsuka ndi kusintha zodyeka zokha. Poti masilinda anali amoyo, ndinalangiza imeneyi, koma ndinawachenjeza kuti tikapeza hedi yatha tibwerera ku njira yachiwiri. Anavomera.

Zomwe tinapeza m'kati

Mabering'i a makoniredi (zitsulo zolumikiza pisitoni ndi kiranki) onse anayi anali ndi mizere yozungulira, wa nambala 3 atadyeka kwambiri, ndipo ndiye ankagogoda. Mabering'i aakulu anali ndi timadontho totuwa tomira, chikhadabo chikadutsa chimakodwa. Kiranki inali yokandika moti kupolisha kokha sikukanathandiza. Tinaitumiza ku makina kukaidula 0.25 ya milimita, n'kugula mabering'i ogwirizana ndi muyezo umenewo.

Pampu ya oyilo ya 1NZ-FE imakhala mu kava ya kutsogolo ya tcheni, ndipo imazunguzidwa ndi kiranki mwachindunji. Magiya ake ndi nyumba yake ya aluminiyamu zinali zokumbika ngati zadutsidwa ndi khasu. Iyi siikonzedwa, tinasintha kava yonseyo. Tenshona ya tcheni, yomwe imakankhidwa ndi oyilo, inkakakamira, ndiye phokoso la m'mawa lija. Giya ya VVT-i ili ndi zipinda za oyilo m'kati zomwe kuzitsuka motsimikiza n'kovuta, nayonso tinasintha.

Hedi ndiyo inandidetsa nkhawa. Makamushafuti a injini imeneyi, zitsulo zazitali zotsegula mavalavu, amazungulira pa aluminiyamu wa hedi yeniyeniyo, palibe bering'i yoti ungachotse n'kuikapo ina. Panali mizere, koma yosazama. Titayeza mpata unali udakali m'malire. Ndinaivomereza, ngakhale ndinawauza bambo aja kuti apa ndi pomwe injiniyi idzayambire kukalamba. Masilinda anali adakali ndi mizere yopingasa ya kufakitale. Tinangowadutsa pang'ono ndi honi, chida chokwechera m'kati mwa silinda, n'kuika maring'i atsopano a muyezo womwewo, poti pisitoni zinali kale panja.

Kutsuka

Ntchito yeniyeni inali apa, ndipo inadya masiku awiri athunthu. Wongodutsa akanati tikuseweretsa nthawi ya kasitomala.

Amakanika ambiri kuno timatsuka zitsulo ndi petulo kapena palafini m'chigubu chodula, pansi padothi, beseni limodzi kuyambira bawuti yoyamba mpaka yomaliza. Mafuta amenewo amachotsa girisi, koma mchenga saunyamula. Umangosuntha n'kukhalanso pena, makamaka m'timizere ta silinda. Chomwe chimaunyamula ndi madzi otentha, sopo wambiri ndi burashi. Petulo tinagwiritsa ntchito koyamba kokha pochotsa mafuta. Kenako tinatereka madzi m'mgolo, n'kuyamba.

Tinamasula zotsekera zonse za njira za oyilo mu buloko ndi mu hedi zomwe zimamasuka. M'njira iliyonse tinadutsitsa burashi yaitali yopyapyala, kubwereza mpaka madzi otuluka mbali inayo akhale oyera, ndiye kupopera ndi kompuresa. Timabowo ta mu kiranki tinatitsuka itabwera kuchokera ku makina, osadalira kuti atsuka kumeneko, chifukwa mwala wodulira umasiyamo fumbi lake lomwe ndi loopsa ngati mchenga womwewo. Masilinda tinawakwecha ndi sopo, kuumitsa, kupaka oyilo woyera pansalu yoyera n'kupukuta. Nsalu ikatuluka yotuwa, kubwerezanso. Silinda ya nambala 2 inafuna maulendo asanu. Chitsulo chotsukidwa ndi madzi chimachita dzimbiri ukuona, choncho chilichonse chikauma chinkapakidwa oyilo pomwepo n'kulowa m'jumbo yatsopano.

Topu kava yakale sindinaibwezeretse. Tinapeza ina, n'kuikanganulanso chitsulo chake chotchinga kuti tione kuseri tisanaikhulupirire. Nkhope za buloko ndi hedi tinapala ndi chopalira, osati sandipepa. Sandipepa wambiri amapangidwa ndi aluminium oxide, amene pa sikelo ija ali pa 9, kuposa mchenga, ndipo fumbi lake likagwera m'mabowo a oyilo ndiye kuti wabzala vuto lomwelo ndi manja ako.

Kumanga tinkachita m'mawa kwambiri mphepo isanadzuke, m'chipinda chosungiramo zida, titawaza madzi pansi ndi kutseka chitseko, tebulo litayalidwa pepala. Mnyamata uja ndinamubweza kawiri kukasamba m'manja. Anang'ung'udza kuti kuno si ku chipatala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinamuuza, koma sindikudziwa ngati anamva.

Kuliza, ndi pomwe ndinaphonya

Tisanalize tinachotsa mapulagi ndi kudula mafuta, n'kuzunguza injini ndi sitata mpaka geji inasuntha. Italira inalira bwino, yopanda kugogoda, ndipo itatentha singano inakhala pamwamba bwino pa muyezo wa buku. Patatha mphindi 30 tinakhetsa oyilo ameneyo ndi kudula fyuluta. Munali tonyezimira tochepa ta maring'i atsopano, zomwe ndimayembekezera, ndi timchenga towerengeka.

Poyesa pamsewu, titangodutsa Mchesi, nyali ya injini inayaka ndipo galimoto inayamba kulemera pokwera. Kompyuta inaloza ku VVT-i. Valavu yake ndinali nditaitsuka ndi kuiyesa, giya inali ina. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga m'mutu njira yonse ya oyilo, ndipo ndinazindikira kuti kasefa kakang'ono ka valavu imeneyi, kobisika m'mbali mwa hedi kuseri kwa bawuti, sindinakachotse. Ndinatsuka hedi yonse iko kali momwemo. Titakatulutsa kanali kotsekeka theka ndi phala lomwelo. Ili linali vuto langa, osati la mnyamata, ndipo linandidyera oyilo wina ndi fyuluta ina za m'thumba mwanga, chifukwa sindikanatulutsa galimoto osakhetsanso. Tinatsuka njira imeneyo, kuika kasefa katsopano, kufufuta vutolo mu kompyuta, ndipo nyali sinabwerenso.

Galimoto inatuluka tsiku la 12. Malangizo anali akuti asaithamangitse kapena kuidzaza mopitirira m'masiku oyamba, abwere pa makilomita 500, kenako pa 1,500, ndipo fyuluta iliyonse yochotsedwa tiziidula. Ndinamuuzanso woyendetsayo kuti asanatsegule pothirira oyilo azipukuta pozungulira, fanelo asamaigoneke pansi, ndipo eya kilina ikada asinthe, asaipopere.

Pa makilomita 500 ndinapeza timchenga tiwiri kapena titatu m'mapindiro a fyuluta. Pa 1,500 pepala linali loyera, zotsalira pansalu sizinakande galasi, ndipo geji inawerenga chimodzimodzi ndi tsiku loyamba. Chatsala ndi kaphokoso kopepuka kumutu injini ikakhala yozizira, komwe kamatha ikafunda. Ndikukaganizira mizere ija ya mu hedi, ndipo ndalemba m'kope kuti tidzayezenso pa sevisi yotsatira.

Tsiku la sevisi yachiwiriyo bambo aja anabwera okha ndi galimoto. Atalipira anaima pakhomo la chipinda cha zida, maso ali pa shelefu pomwe ndinaika botolo la phala lija.

"Amisiri, botolo ilo mungandibwereke?"

"Mukalitani, bambo?"

"Pali anthu awiri pasiteji paja amene ndinawanenera mawu oipa pagulu. Ndikufuna akaone okha."

Ndinalikulunga m'nyuzipepala n'kuwapatsa, pamodzi ndi chitsulo chotchinga chija.